Zifanizo za waya za HAP2, IZUMO1 ndi JUNO: momwe ntchito ikuyendera ku Dedza

Zolemba izi ndi za kagulu ka aphunzitsi a Biology a m'sukulu za sekondale za kuno ku Dedza, ena a pa boma, ena a ku Linthipe ndi ku Bembeke. Tikupanga zifanizo zogwirika ndi manja za mapuloteni amene amalumikiza mbewu yaimuna ndi dzira. Mabuku a ana athu amangoti mbewu imalowa m'dzira, n'kulekera pomwepo. Chimene chimachitika n'chakuti nembanemba ziwiri, ya mbewu ndi ya dzira, iliyonse yopangidwa ndi mafuta osanjikizana pawiri, zimaphatikizana n'kukhala imodzi. Pazokha sizingatero, chifukwa zikayandikana kufika nanomita 2 kapena kucheperapo, madzi omatirira pamwamba pa mafutawo amakana kuchoka. Pamafunika puloteni yozikoka ndi mphamvu. Tikulemba miyeso yonse kuti anzathu a ku Ntcheu ndi kwina amene akufuna kupanga zawo asayambirenso pa ziro.

Meyi: mafayilo ndi sikelo

Mafayilo onse tatenga ku Protein Data Bank, nkhokwe ya pa intaneti yosunga maonekedwe a mapuloteni, ndipo tikuwatsegula ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa ChimeraX. A HAP2, puloteni yophatikiza mbewu ndi dzira m'zomera, ndere ndi kachilombo ka malungo, ndi awiri: 5MF1, wa ndere za selo limodzi zotchedwa Chlamydomonas, amene gulu la Félix Rey ku Institut Pasteur linatulutsa mu 2017, ndi 5OW3 wa kachomera ka Arabidopsis, wa mu 2018. Wa anthu ndi 5F4E, momwe IZUMO1 ya mbewu yagwirana ndi JUNO ya dzira, wochokera ku Toronto mu 2016. Tawonjezeranso awiri a puloteni E ya kachilombo ka dengue, yomwe imafanana ndi HAP2 pa kaumbidwe, 1OAN isanagwire ntchito ndi 1OK8 itagwira kale. Mafayilowa ndi ang'onoang'ono, sadya bandulo. Chodya bandulo ndi pulogalamu yeniyeniyo, choncho munthu mmodzi atsitse, ena atengere pa fulashi.

Chenjezo kwa otsegula koyamba: fayilo ina imabwera ndi chingwe chimodzi chokha ngakhale puloteniyo imagwira ntchito ili itatu pamodzi. Zikatero lembani mu ChimeraX lamulo la sym kuti ziwiri zinazo zituluke, apo ayi mupanga chifanizo cha gawo limodzi mwa magawo atatu muli phee.

Sikelo tagwirizana kuti angstrom imodzi (gawo limodzi mwa magawo 10 a nanomita) ikhale mamilimita 2, kutanthauza kuti nanomita imodzi ndi masentimita 2. Pa sikelo imeneyi mtolo wa ma HAP2 atatu ukutalika pafupifupi masentimita 24, IZUMO1 sikufika masentimita 20, ndipo nembanemba ya selo ikukhuthala masentimita 8 mpaka 10. Mutu wa mbewu ya munthu, womwe ndi wa mananomita pafupifupi 5,000, ukanakhala wa mamita 100, kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo dzira likanakhala la makilomita opitirira 2. Nambala ziwirizi tizilemba pa thabwa lililonse, chifukwa mwana akaona chifanizo cha masentimita 24 amaganiza kuti puloteni imodzi ikudzaza mutu wonse wa mbewu.

Lamulo lina tagwirizana lisanadulidwe waya ndi kachidutswa komwe: chilichonse chimene chinaonedwa m'kristalo (puloteni youmitsidwa ngati mchere, yomwe akatswiri amaiunika ndi X-ray) chikhale cha waya wa mtundu, chimene chili chongoyerekeza chikhale cha chingwe choyera cha thonje.

Juni: waya ndi kapindidwe

Waya womangira wa malata tausiya. Penti sagwira pa iye, ndipo ndi nkhungu ya kuno mwezi uno penti wa mafuta akutenga nthawi kuuma, n'kumakanganuka pa mapindiko. Talowa waya wa magetsi wa 2.5 mm², wa mtima umodzi wa kopa. Ubwino wake amabwera kale wofiira, wachikasu ndi wa buluu, ndipo imeneyi ndiyo mitundu yomwe akatswiri amajambulira zigawo zitatu za mapuloteni a banja la HAP2 ndi E ya dengue: choyamba chofiira, chachiwiri chachikasu, chachitatu cha buluu. Waya wa timawaya tambiri m'kati musagule, sasunga pomwe mwamupinda. Zodukaduka za amisiri a magetsi odziwika zikukwana ntchito yambiri. Wa pamsewu wosadziwika kochokera tikumukana, nkhani za kuba kopa nonse mukuzidziwa.

Helix, gawo la puloteni lopotana ngati sipulingi, imazungulira kamodzi pa ma amino acid (tizidutswa topanga chingwe cha puloteni) 3.6 aliwonse, n'kukwera ma angstrom 5.4, omwe kwa ife ndi mamilimita 11. Waya ameneyu ndi chikopa chake ndi wonenepa pafupifupi mamilimita 3.4, ndiye mukamukulunga pa chitsulo chosalala cha mamilimita 6, chija amapangira maringi omanga nyumba, m'mimba mwa helix mukutuluka mamilimita 9 ndi pang'ono, momwe mukuyenera kukhalira. Kulungani mothinana, vulani, kenako kokani mpaka pakati pa mzere ndi mzere pakwane mamilimita 11. Mizere yowongoka ya beta imatenga mamilimita 7 pa amino acid imodzi, ndipo mzere ndi mnzake amatalikirana mamilimita pafupifupi 10. Mu helix amino acid imodzi imadya waya wa mamilimita 8.5. Powerengera zogula tikuika mamilimita 8 pa iliyonse: IZUMO1 mamita 1.9, JUNO 1.7, HAP2 imodzi 4.6, ndiye mtolo wa zitatu ukufuna mamita 14 osawerengera olumikizira.

Cholakwika chachikulu pa ntchito yotere ndi mbali yomwe helix ikuzungulira. Helix ya puloteni imazungulira chakumanja, monga wononga wamba: mukaiyang'ana kumapeto, waya azipita kutali ndi inu akutsata mivi ya wotchi. Munthu akagwira chitsulo ndi dzanja lina amakulunga mosemphana osadziwa, ndipo kuitembenuza mutu pansi sikukonza kanthu, ya kumanzere imakhalabe ya kumanzere. Pa benchi pakhale wononga wamkulu woyerekezera. Vuto lofanana nalo limabwera pojambula: mukaponya chithunzi pa pepala ndi pulojekita n'kutsata ndi pensulo, kenako pepala lija n'kuligwiritsa ntchito chakumbuyo, puloteni yonse imatuluka ngati ya pagalasi, yomwe kulibe m'chilengedwe. Lembani "kutsogolo" pa pepala musanazime pulojekita. Chigawo chilichonse chijambulidwe mbali ziwiri, ya kutsogolo ndi ina mutatembenuza madigiri 90, kuti kuya kudziwike.

Julaye: HAP2

Apa ndi pomwe pagona ntchito. HAP2, imene ena amaitcha GCS1, inadziwika bwino mu 2006 m'mungu wa maluwa a lily ndi wa Arabidopsis. Mu 2008 inapezeka kuti imagwira ntchito yomweyo mu Chlamydomonas ndi mu Plasmodium, kachilombo ka malungo. Konseko mukaichotsa, mbewu yaimuna imafika, n'kumatirira pa yaikazi bwinobwino, koma nembanemba siziphatikizana. Kumatirira ndi ntchito ya mapuloteni ena: GEX2 m'zomera, FUS1 ndi MAR1 mu Chlamydomonas. HAP2 yake ndi kuphatikiza.

Ikaikidwa pambali pa puloteni E ya dengue, kafanidwe kake n'kodabwitsa ngakhale mndandanda wa ma amino acid uli wosiyana kotheratu. Chigawo chofiira chili pakati, chopangidwa ndi mizere ya beta yosanjikizana. Chachikasu n'chachitali, chowonda, ndipo kunsonga kwake kuli timalupu tokhala ndi ma amino acid odana ndi madzi, tomwe timalowa m'nembanemba ya selo linalo. Cha buluu n'chaching'ono, cholumikizidwa ku chofiira ndi kachingwe kofewa, ndipo kuchokera pamenepo puloteni imapitirira mpaka kukazikika m'nembanemba ya mbewu yaimuna. Mukayesa kusanjikiza HAP2 pa 1OK8 ndi lamulo la ChimeraX la matchmaker zonse pamodzi, sizikhalana bwino, chifukwa lamulolo limadalira kufanana kwa mndandanda. Sanjikizani chigawo chimodzi chimodzi, kuyambira chofiira.

Popinda waya pali chinthu chimene chithunzi cha m'kompyuta chimabisa. Chingwe cha puloteni sichimaliza chigawo chofiira n'kuyamba chachikasu. Chimayamba m'chofiira, kulowa m'chachikasu, kubwerera m'chofiira, kulowanso m'chachikasu, kubwereranso, kenako n'kupita ku cha buluu. Ndiye pakati pa chofiira ndi chachikasu pali malo anayi olumikiza waya wa mitundu iwiri. Kupota ndi kukulunga tepi kukupanga mfundo zonenepa zomwe zikukankha mizere yoyandikana. Sendani mamilimita 5 mbali zonse, gundanitsani m'mbali, wotchererani ndi mtovu. Mizere ya beta tikuimanga ndi ulusi wa nsomba pa amino acid yachiwiri iliyonse kuti mpata wa mamilimita 10 usasinthe. Musaiphwathalalitse, m'fayilo ndi yopotoka pang'ono, ndipo popanda kupotokako zigawo zitatu zachikasu sizikumana kunsonga. Milatho ya sulfure, yomwe ili yambiri m'chigawo chachikasu, tikuiika ndi kawaya ka kopa kosenda. Mkanda wakuda umodzi ndi woyera umodzi zikuimira ma amino acid awiri, arginine 185 ndi glutamate 126, zomwe zimagwirana n'kusunga nsonga ya chigawo chachikasu mu Chlamydomonas. Arginine imeneyi imapezeka mu HAP2 ya zamoyo zambiri, ndipo ikasinthidwa kuphatikizana kumalephereka.

Nsonga yeniyeni mu 5MF1 ili ndi malo osaoneka, pomwe pulogalamu imajambula mizere yodukaduka. Makristalo ena a mu 2018 ndi 2019 anaonetsa timalupu timeneti bwino, ndipo mu Arabidopsis nsongayo ndi helix imodzi yaifupi yokhala ndi mbali imodzi yodana ndi madzi. Pa chifanizo cha 5MF1 malo odukawo ndi chingwe choyera. Choyeranso ndi gawo lochokera ku cha buluu kukalowa m'nembanemba, chifukwa opanga kristalo analidula.

Kayendedwe kake tikukaonetsa motere. Chifanizo chiyamba chili chotambasuka, phazi lili m'nembanemba ya mbewu, nsonga yachikasu yabaya nembanemba ya dzira. Zitatu zimasonkhana m'mtolo. Kenako cha buluu chimapindikira m'mbuyo n'kukhala mumpata wa pakati pa zinzake, n'kukokera phazi kunsonga, mpaka phazi ndi nsonga zili mbali imodzi. Nembanemba ziwiri zija zakokedwa kufika pamodzi. Mu dengue chigawo chachiwiri chimapendekera madigiri pafupifupi 30 ndipo chachitatu chimazungulira pafupifupi 70. Ife tatengera pamenepo. Pa mfundo ya cha buluu waya wa kopa amathyoka akapindidwa kangapo, ndiye taikapo kachidutswa ka chubu cha njinga, ndi timaginito ta m'masipika akufa toti cha buluu chizigwira chikafika pamalo pake. Thabwa la chifanizo chotambasukacho tapenta loyera lonse, chifukwa mtolo wopindika ndiwo unaonedwa m'kristalo, pomwe wotambasukawo ndi woyerekeza kuchokera ku ma virus.

Nembanemba yativuta kuposa puloteni. Dongo, ngakhale kuno ndi kwawo, limachepa likauma ndi kuwotchedwa, ndiponso silipindika. Siponji ya matiresi a mainchesi 4 ikukwana sikelo ndendende, koma ndi yolimba moti waya sangaikoke, ndipo choipa kwambiri, ndi chinthu chimodzi pomwe nembanemba ili ndi masamba awiri. Pophatikizana, masamba akunja amalumikizana kaye akati akadali osiyana, kenako akati aja n'kulumikizana, kabowo n'kutseguka. Siponji imodzi singaonetse zimenezi. Tikugwiritsa ntchito ya mainchesi 2, ziwiri zosanjikiza, yakunja yokutira nsalu ya mtundu wina, yamkati wina, ndipo pamalo okumanirana tazisenga ndi lumo kuti zifewe. Mitu ya mafuta ndi mabatani a mamilimita 15 osokerera pa nsalu. Zitsekerero za mabotolo n'zazikulu pafupifupi kawiri.

M'kalasi tiyambira pa chimanga. Ndevu iliyonse ya chimanga imapita ku njere imodzi, ndipo mungu wochokera ku ngayaye ukagwera pa ndevu umamera kachubu konyamula mbewu zaimuna ziwiri. Imodzi imaphatikizana ndi dzira n'kupanga mtima wa njere. Inayo imaphatikizana ndi selo lapakati n'kupanga gawo loyera lija lomwe limasanduka ufa. Mu Arabidopsis kuphatikizana konse kuwiri kumafuna HAP2, ndipo dzira limatulutsa timapuloteni ta EC1 tomwe timadzutsa mbewu kuti ikonzeke. Kuyambira pa chimanga kumathandizanso kuti kalasi ya anyamata ndi atsikana ikhazikike mawu oti umuna asanatchulidwe, zimene aphunzitsi a Fomu 3 mukuzidziwa bwino.

Ogasiti: IZUMO1 ndi JUNO

Zifanizo ziwirizi zatha msanga. IZUMO1, yomwe inapezeka ku Osaka mu 2005, ili ndi ma helix anayi omangika mtolo kumtunda, kachigawo ka mizere iwiri ya beta pakati, ndi chigawo chozungulira cha mizere ya beta kumunsi. JUNO, yomwe Enrica Bianchi ndi Gavin Wright anaipeza ku Sanger Institute mu 2014, ndi yobulungira, yomangidwa ndi milatho 8 ya sulfure. Ndi ya banja la mapuloteni ogwira vitamini wa folate koma iyo sigwira folate. Sibooleza nembanemba; imapachikika panja ndi kamchira ka mafuta ndi shuga, choncho pa chifanizo tikuimangirira pa batani, osaibaya m'siponji. Kamchira kameneka n'kofunika, chifukwa dzira la mbewa likangolandira mbewu imodzi limataya JUNO yake m'mphindi pafupifupi 40, ndipo ana atha kuonetsa zimenezi pongomasula mfundo.

JUNO imagwira IZUMO1 cha pakati, osati kunsonga kwa ma helix monga ambiri amaganizira. Taika mikanda pa tryptophan 148 ya IZUMO1 ndi tryptophan 62 ya JUNO, ziwiri zomwe zikasinthidwa kugwirana kumafooka kwambiri. Maginito apa akhale ofooka dala. Mu mbewa kugwirana kwa IZUMO1 imodzi ndi JUNO imodzi n'kosakhalitsa, moti a ku Sanger anachita kumanga ma IZUMO1 asanu asanu kuti aone chomwe akugwira pa dzira.

Takambirana kwa nthawi yaitali momwe thabwali liyenera kuonekera. Ena amafuna siponji ziwiri zikhale zogundana ngati pa thabwa la HAP2, kuti nkhani ithe bwino. Takana. Anthu, ng'ombe, nkhuku ndi nsomba alibe HAP2. Mbewa yaimuna yopanda IZUMO1 mbewu zake zimaboola chikuto cha dzira n'kudzazana panja pa nembanemba osaphatikizana, ndipo yaikazi yopanda JUNO sibereka, koma zimenezi zikungosonyeza kuti ziwirizi n'zofunika. IZUMO1 ilibe nsonga yobaya ngati ya HAP2 ndipo sipinda m'mbuyo motero. Mu 2023 gulu la Benjamin Podbilewicz ku Haifa linalemba kuti IZUMO1 ya mbewa ikhoza kuphatikiza maselo olimidwa m'labu, koma akatswiri sanamange chimodzi pa za puloteni yomwe imatsegula bowo pakati pa mbewu ndi dzira la munthu. Palinso ena ofunika: CD9 ku dzira, yodziwika kuyambira mu 2000, ndi SPACA6, TMEM95, SOF1, FIMP, DCST1 ndi DCST2 ku mbewu. Mwana amene waona thabwa logundana adzalemba pa mayeso kuti JUNO ndiyo imaphatikiza, ndipo tidzakhala titamuphunzitsa ndife. Siponji za thabwali zikhala zotalikirana, IZUMO1 ndi JUNO zili pakati.

Pambali pa IZUMO1 taimika zinthu ziwiri zoyera. Mu 2024 gulu la Andrea Pauli ku Vienna, pogwiritsa ntchito AlphaFold, pulogalamu yolosera kaumbidwe ka mapuloteni, linaonetsa kuti IZUMO1, SPACA6 ndi TMEM81 zimamangana zitatu pa mbewu, ndipo linatsimikiza kugwiranako m'labu. Mtolo umenewu umagwira JUNO m'nyama zoyamwitsa, pomwe mu nsomba ya zebrafish umagwira puloteni ina yosiyana kotheratu yotchedwa Bouncer. SPACA6 payokha ili ndi kristalo yake ya mu 2022 ndipo imafanana kwambiri ndi IZUMO1, koma kaimidwe ka zitatuzi pamodzi tikukatenga kwa kompyuta, ndiye n'koyera. Chingwe cha thonje sichiima chokha. Tachikulunga pa sipoko ya njinga.

Seputembala: Plasmodium

Thabwa lomaliza ndi la malungo, lomwe anzathu a kunsi kwa phiri, ku Mtakataka ndi ku Golomoti, akulifuna kwambiri. Udzudzu ukayamwa magazi okhala ndi tizilombo tokonzeka kuswana, kutsika kwa kutentha pamodzi ndi xanthurenic acid ya m'matumbo mwake zimadzutsa kaimuna, ndipo m'mphindi zosakwana 20 kamatulutsa mbewu 8 zosambira. HAP2 ili pa mbewu zimenezi. Popanda iyo palibe kuphatikizana, ndipo udzudzuwo sungapatsire munthu wina. Mu 2017 zinaonetsedwa kuti ma antibody olimbana ndi kalupu ka kunsonga kwa chigawo chachikasu amachepetsa kufala kwa kachilomboka kupita mu udzudzu. Ana asasokoneze izi ndi katemera wa RTS,S amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Epulo 2019. Ameneyo amalimbana ndi kachilombo kakamalowa mwa munthu kupita ku chiwindi. Katemera wa HAP2, atati apezeke, sangateteze wobayidwayo mwachindunji. Ma antibody ake angakagwire ntchito m'mimba mwa udzudzu womuluma.

HAP2 yathunthu ya Plasmodium falciparum tikuitenga ku AlphaFold, ndipo ikubwera ndi misampha iwiri. Woyamba ndi mitundu. Kumeneko buluu wakuda akutanthauza kuti kompyuta ikukhulupirira kupitirira 90 pa 100, buluu wowala 70 mpaka 90, chikasu 50 mpaka 70, olenji pansi pa 50. Chikasu ndi buluu zimenezi sizikukhudzana ndi zigawo zathu, ndiye sinthani mitundu musanajambule pa pepala. Wachiwiri ndi zingwe zazitali za olenji zozungulira puloteni. Mapuloteni a Plasmodium amakhala ndi malo odzaza amino acid yotchedwa asparagine opanda kaumbidwe kokhazikika, ndipo kompyuta imangowaponya paliponse. Kuwapinda mokhulupirika ndi kutaya nthawi. Tikudula paliponse pomwe nambala yatsika pansi pa 50, n'kumanga kachingwe kakafupi kolendewera kokhala ndi kapepala konena ma amino acid angati achotsedwa.

Zomwe zatsala: mtolo wa Arabidopsis uli ndi puloteni imodzi yokha yomalizidwa, chifukwa waya wachikasu watha ndipo ndi amene akudyedwa kwambiri, pafupifupi theka la HAP2 iliyonse. Timaginito ta cha buluu pa thabwa la Chlamydomonas tikugwirana tokhatokha mtolo usanatseke, ndiye tonse titembenuzidwa kuti tiyang'ane mbali imodzi, ndipo pa chigawo chachikasu paikidwa timawashala ta chitsulo m'malo mwa maginito. Mabokosi onyamulira akhale a pulayiwudi, a masentimita 40 kutalika, 30 m'lifupi ndi 30 kuya, chifanizo chitamangidwa pa thabwa la pansi ndi mphira. Cha m'katoni chikafika ku Lobi pa njinga yamoto, mizere ya beta imakhala itaphwathalala ndipo nsonga zitatu zachikasu sizikumananso.